Mwini Mzinda Salowa M'tsimba

Mlamu wanga anafika kwathu dzuwa lisanatuluke bwino, mwezi wa Julaye, chisanu chija cha kuno ku Mayani chimene chimaumitsa zala mpaka munthu kulephera kumanga chingwe cha nsapato. Anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pakhonde, natulutsa foni m'thumba la jekete, nandipatsa kuti ndidziwerengere ndekha. Uthenga unali wa mwana wake, yemwe ndi mwana wa mlongo wanga, wophunzira chaka chachiwiri pa yunivesite ina ya mumzinda yomwe si yaboma. Mnyamatayo analephera phunziro limodzi, analemba mayeso obwereza nalepheranso, ndipo anamuuza kuti abwereze chaka chonse.

"Alamu," anatero mlamu wanga, "inu ndinu atsibweni ake, komanso mwagwira choko zaka zambiri. Tiyeni tikaonane ndi mwini sukulu. Kachewere yense ndi nyemba zonse za chaka chino zathera ku fizi. Munthu amene akudya ndalama zanga sangakane kundimvera."

Ndinamumvetsa, pakuti ndikudziwa mmene ndalama ya kachewere imabwerera: kupalira m'mame, feteleza wangongole, mankhwala opopera chiwawu chikayamba kuwotcha masamba, kenaka mavenda a ku Lilongwe n'kudzakutchulira mtengo iwo eni. Koma mawu awiri aja, akuti "mwini sukulu", anandikhala pamtima tsiku lonse. Chichewa chake chinali chosalala, panalibe poti n'kukonza. Chimene chinapotoka ndi chithunzi chimene mawuwo anamuikira m'mutu, chakuti yunivesite ili ngati chigayo, pamene ufa ukatuluka wamisere umaitanitsa mwini wake, iye n'kukalipira anyamata kuti agayenso. Mawu akampatsa munthu chithunzi cholakwika amamutumiza pakhomo lolakwika, ndipo ulendo wa ku tauni masiku ano umadya thumba lathunthu la chimanga.

Liwu loti mwini makolo athu sankaligwiritsa ntchito mopepuka. Ine ndine mwini mbumba. Ana a alongo anga akadwala amandiuza, ukwati wawo ukagwedezeka ndimaitanidwa, maliro akagwa maso a anthu amakhala pa ine. Koma anawo si katundu wanga. Mwini mudzi naye sanyamula mudzi kupita nawo kumsika. Umwini wotere ndi udindo wosunga, ndi kuyankha mlandu pa chimene ukusungacho. Umwini wa njinga kapena wailesi ndi wina: ukafuna ugulitsa, ukafuna ubwereketsa, ukapsa mtima uphwanya, palibe wokufunsa. Chichewa chili ndi liwu limodzi pa zinthu ziwirizi, ndipo chiyambire ndalama kulamulira moyo wathu, tanthauzo la njinga lameza tanthauzo la mbumba. Tikamati "mwini yunivesite", ndi bwino tiyambe tadzifunsa kuti tikunena mwini uti.

Aliyense wokulira kumudzi kuno ku Dedza amamudziwa mwini mzinda, mfumu imene ili ndi mphamvu yovinitsa chinamwali ndi kutulutsa gule. Popanda iyeyo ng'oma silira. Ndiye amapereka bwalo, ndiye amavomereza nthawi, ulemu wake amalandira, ndipo choipa chikachitika mlandu umafika pakhomo pake. Koma mwini mzinda salowa m'tsimba. Zimene namwali aphunzitsidwe, chiti chiyambe ndi chiti chitsatire, ndi kuona ngati mwanayo wamvadi mwambo, zonsezo zili m'manja mwa anamkungwi. Mfumu imene ingatumize mawu kutsimba kuti "mwana uyo ndi wa mbale wanga, mum'tulutse msanga" yadetsa mzinda wake womwe. Zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zina mwa izo ndi za chinamwali chomwechi. Kugawana ntchito pakati pa wosunga malo ndi wophunzitsa sitinakuphunzire kwa alendo.

Yunivesite yolongosoka imayenda motero, ndi mabwalo awiri. Loyamba pa Chingerezi ndi Council, ife timati khonsolo. M'menemo mumakhala oimira eni sukulu, kaya ndi boma, kaya ndi mpingo, kaya ndi anthu amene anaikamo chuma chawo, pamodzi ndi ena odziwa zamalamulo ndi zachuma. Khonsolo imasunga malo ndi nyumba, imavomereza bajeti ndi fizi, imalemba ntchito akuluakulu oyendetsa sukulu. Bwalo lachiwiri ndi Senate, seneti, bwalo la aphunzitsi: mapulofesa, akulu a nthambi za maphunziro, woyang'anira laibulale, ndi ena oimira aphunzitsi anzawo. Limeneli ndi limene limanena kuti phunziro ili lilowe, ili lichoke, wofuna malo akhale atakhoza motere, uyu wakhoza, uyu abwereze, uyu wayenera digiri. Malikisi a mwana amayambira kwa mphunzitsi amene anachonga pepala, amakambidwa mu dipatimenti, amakwera ku bwalo la nthambi, kawirikawiri amaonedwanso ndi mphunzitsi wa yunivesite ina woitanidwa kudzakhala mboni, ndipo pomaliza seneti imamanga mfundo. Mawu oti kumanga mfundo ndi oyenera pamenepa kuposa kulamula. Mfundo imamangidwa ndi zingwe zochokera mbali zingapo, ndipo amene sanaimange saimasula mwachisawawa.

Tsono liwu loti khonsolo, kwa munthu wa ku Mayani, limamukumbutsa wodula matikiti pamsika ndi maofesi a kwa DC ku boma. Loti seneti ambiri sanalimvepo, ndipo amene analimva amakumbuka nyumba yachiwiri ya malamulo ija imene inalembedwa m'malamulo aakulu a dziko a 1994 n'kufafanizidwa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Choncho atolankhani athu, pofuna kudula njira, amangoti "akuluakulu a sukuluyi". Akuluakulu akweza fizi. Akuluakulu achotsa ophunzira olephera. Akuluakulu aimitsa mphunzitsi ntchito. Akuluakulu atseka sukulu. Ulemu ulimo m'mawuwo, koma amaphimba chimene womvera akufunika kudziwa, chakuti ndi bwalo liti lagamula, ndipo nkhaniyo inali yakedi bwalolo kapena lalumpha malire. Ine ndikanakonda tizinena kuti "bwalo losunga yunivesite" potchula khonsolo, ndi "bwalo la maphunziro" potchula seneti. Bwalo ndi liwu lathu, limatchula malo ndi anthu nthawi imodzi, ndipo limabwera ndi mwambo wake: pabwalo anthu amalankhula mopatsana mpata, nduna zimafunsa, mfumu imatsiriza itamva onse.

Cholakwika chimene chimandipweteka kwambiri ndimachimva nyengo ya mwambo wopereka madigiri. Owulutsa mawu amati "wachiwiri kwa mkulu wa sukulu ya ukachenjede wati". Womasulirayo waona liwu loti Vice n'kuganiza za wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, uja amalemba ndandanda wa maphunziro ndi kugwira ochedwa pageti. Chikhalirecho Vice-Chancellor ndiye woyendetsa yunivesite tsiku ndi tsiku, ndiye wapampando wa seneti, ndiye amakaima pamaso pa khonsolo kufotokoza mmene zinthu zikuyendera. Chancellor ndi udindo waulemu. Amavala mkanjo, amapereka madigiri, amabwerera ku ntchito zake zina. Yunivesite ya Malawi itakhazikitsidwa mu 1964, Chancellor anali Dr. Hastings Kamuzu Banda, koma amene ankakhala mu ofesi kufunafuna aphunzitsi ndi kukonza zoti ophunzira oyamba alowe ku Chichiri mu 1965 anali Dr. Ian Michael, Vice-Chancellor woyamba. Ku Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, imene inatsegula zitseko zake mu 2006, Chancellor ndi mmodzi wa maepiskopi, ndipo episkopi ali ndi dayosizi yoti aziyang'anira. Tikamamutcha woyendetsa sukulu "wachiwiri", tikuphunzitsa anthu kuti pamwamba pake pali wina amene ukangomupeza angasinthe chilichonse. Awa ndiwo maganizo amene anadzutsa mlamu wanga m'mamawa. Chancellor tizimutcha kholo la yunivesite, kapena mkulu waulemu. Vice-Chancellor akhale mkulu woyendetsa yunivesite. Registrar ndi mlembi wamkulu, mawu amene aliyense wa mpingo wa CCAP amawadziwa kale, ndipo Dean ndi mkulu wa nthambi.

Mawu achingereziwo nawonso ali ndi kwawo, ndipo ukawatsata umakafika pa zinthu zimene tikuzidziwa. Senate inachokera ku liwu la Chilatini loti senex, nkhalamba, choncho ndi bwalo la madoda. Dean inachokera ku decanus, woyang'anira anthu khumi. University inachokera ku universitas, ndipo poyamba liwulo silinkatchula nyumba kapena malo ayi. Linkatchula gulu la anthu a ntchito imodzi amene agwirizana kudzisungira malamulo awoawo. Ku Paris m'zaka za m'ma 1200 gululo linali la aphunzitsi, ku Bologna linali la ophunzira, amene ankachita kulemba ganyu aphunzitsi awo. Ife tikamati "sukulu ya ukachenjede" timatchula bwino msinkhu wa maphunziro, ndipo mawuwa ndimawakonda, sindifuna afe. Koma liwu loti sukulu limabwera ndi belu, mzere wa m'mawa, ndi mphunzitsi wamkulu amene mawu ake ndi omaliza. Gulu lija la anthu odzisungira malamulo limatsala kunja. N'chifukwa chake sindikana liwu lobwereka loti yunivesite, awiriwa ayendere limodzi, lililonse pa ntchito yake. Womasulira asamalenso ndi liwu loti faculty. Kuno kwathu, monga ku Britain, ndi nthambi ya maphunziro, ya zauphunzitsi kapena ya zamalamulo. Ku America ndi aphunzitsi onse a pa yunivesite monga gulu limodzi. Nkhani yochokera kumeneko ikamanena za mphamvu za faculty, ikunena za gawo la aphunzitsi pa kayendetsedwe ka sukulu yawo, ndipo wolemba kuti "ulamuliro wa nthambi" wasochera.

Sitiyenera kupita kutali kukabwereka mawu a zimenezi. Nkhoma sipatali ndi kwathu, agogo athu a ng'ala m'maso amakachira komweko. Amishoni a Dutch Reformed Church anayamba ntchito ku Mvera mu 1889, nafika pa Nkhoma mu 1896, ndipo mu 1926 mipingo yawo inalowa mu CCAP. William Murray wa mishoni imeneyi ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, ndipo Chichewa cholembedwa, cha maminitsi ndi cha misonkhano, chinakulira kwambiri m'manja mwa abusa ndi aphunzitsi a kumeneko. Mpingo umenewu suyendetsedwa ndi munthu mmodzi. Mbusa amakhala pansi ndi akulu a mpingo, pamwamba pawo pali presibiteriyo, pamwamba pake sinodi, ndipo mtsogoleri wa sinodi amasankhidwa, nthawi yake ikatha n'kukhalanso mbusa ngati anzake. Buku la malamulo a Sinodi ya Nkhoma, limene anthu amangolitchula kuti Zolamulira, limasiyanitsa zinthu zitatu: zolamulira, zopangana ndi zolangiza. Mawu atatuwa ndi chuma chimene sitikuchigwiritsa ntchito mokwanira. Cholamulira umachita ngakhale usanakondwe nacho. Chopangana chimakumanga chifukwa unalipo pochipanga. Cholangiza umachimva ndi ulemu, n'kuchiyeza, ndipo ukhoza kuchisiya popanda kukhala wamwano.

Lero Sinodi ya Nkhoma ili ndi Nkhoma University, monga mmene Sinodi ya Livingstonia inatsegulira yake ku Khondowe mu 2003, ndi a Seventh-day Adventist yawo ku Lakeview m'boma la Ntcheu ndi ku Malamulo m'boma la Thyolo. Mipingo imene inazolowera kale kuti mbusa sagamula yekha ili ndi chinenero chokonzeka chofotokozera akhristu ake mmene yunivesite iyenera kuyendera. Mwini sukulu, kudzera m'bwalo losunga yunivesite, ali ndi zolamulira pa chuma, pa malo, ndi pa khalidwe limene sukulu yake ikuimira. Kulemba ntchito aphunzitsi, kuwakweza pa udindo, kutsegula nthambi yatsopano, izi ndi zopangana, pakuti zimafuna ndalama ndi nzeru za aphunzitsi pamodzi. Koma pa funso lakuti mwana uyu wakhoza kapena ayi, mwini alibe cholamulira, ndipo ngakhale cholangiza chake chiyenera kuima pakhomo.

Dzina lenileni la sukulu zimenezi nalonso silinakhazikike pakamwa pathu. Ambiri timati yapulaiveti, ndipo chichokereni 1994, pamene sukulu za sekondale za anthu wamba zinamera ngati bowa, zina m'nyumba zimene kale zinali magolosale, liwulo limanunkha bizinesi. "Yomwe si yaboma" ndi mawu oona, koma amangotiuza chimene sukuluyo siili. "Ya mpingo" ndi olondola pamene mwini ndi mpingo. Amene ndimawakonda ndi akuti "yoyima payokha", chifukwa amafunsa funso. Iyima payokha kwa yani? Kwa boma, inde, pakuti silipira aphunzitsi ake. Koma ndime 25 ya malamulo aakulu a dziko lino imalola sukulu zotere pokhapokha zitalembetsedwa ndi boma ndiponso maphunziro ake asatsike kuyerekeza ndi a sukulu zaboma. Tsono maphunziro satsika kapena kukwera mu ofesi ya mwini. Amasungidwa ndi aphunzitsi amene angathe kulepheretsa mwana wa munthu wolipira bwino, mawa n'kubweranso kuntchito opanda mantha. Yunivesite imene aphunzitsi ake sangathe kutero siyima payokha, yatsamira thumba la mwini wake.

Nkhani imeneyi inachitikapo poyera ku America. Yunivesite ya Stanford inatsegulidwa mu 1891 ndi chuma cha Leland Stanford, mkulu wa kampani ya njanji, ndi mkazi wake Jane. Mwamunayo atamwalira, mayiyo anatsala ndi mphamvu zonse pa sukuluyo. Mu 1900 anaumiriza kuti mphunzitsi wina, Edward Ross, achoke, chifukwa cha zimene ankalankhula pagulu pa nkhani za chuma ndi za anthu obwera kuchokera ku Asia. Zina mwa zonena za Ross zinali za tsankho, ndipo sindikuziikira kumbuyo. Chimene chinadzutsa aphunzitsi anzake ndi njira yake: munthu anachotsedwa chifukwa mwini sanakondwe, popanda bwalo la anzake a ntchito kumva mlandu wake. Angapo anatula pansi ntchito, mmodzi wa iwo Arthur Lovejoy, amene mu 1915 anathandizana ndi John Dewey kukhazikitsa bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite la American Association of University Professors. Nthawi imeneyo n'kuti Lovejoy akuphunzitsa pa Johns Hopkins, yunivesite imene mbiri yake ndi yosiyana. Mwini chuma, Johns Hopkins, anamwalira mu 1873 atasiya madola 7 miliyoni kuti amangire yunivesite ndi chipatala ku Baltimore. Chumacho chinatsala m'manja mwa osunga, iwo anasankha Daniel Coit Gilman kukhala mtsogoleri, ndipo sukuluyo inatsegulidwa mu 1876 motsanzira mayunivesite a ku Germany, kumene mphunzitsi ankayembekezeka kutulukira zatsopano, osangobwereza za m'mabuku. Dzinali si lachilendo kwathu kuno. Akatswiri ake akhala akugwira ntchito ku Blantyre kwa zaka zambiri pamodzi ndi a ku College of Medicine, imene kuyambira 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences, kufufuza za HIV, makamaka kuteteza ana obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboka.

Sukulu yonga Johns Hopkins ndiyo yunivesite ya kafukufuku, ndipo liwu loti kafukufuku tiyenera kulisunga bwino, chifukwa ndi limodzi mwa mawu okongola amene tili nawo. Muli kufukula mkati mwake. Mlimi wa kachewere amadziwa kuti masamba akhoza kukhala obiriwira pamwamba pansi palibe kanthu, ndipo sunganene zokolola usanalowetse khasu. Kafukufuku ndi kukumba chimene chinali chobisika, kuchitulutsa poyera, n'kulola anzako achigwire, achiyeze, atsutse ngati pali potsutsa. Masiku ano liwuli tikulipeputsa. Munthu akafunsa anthu angapo pa depoti akuti wachita kafukufuku. Wophunzira akakopera za pa intaneti akuti wachita kafukufuku. Chikwangwani cha sukulu yongoyamba kumene, ya zipinda zobwereka ndi aphunzitsi aganyu amene amaphunzitsa malo atatu pa tsiku, chimalonjeza kafukufuku wapamwamba. Mayunivesite athu ambiri oyima paokha amadalira fizi, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuphunzitsa. Imeneyo ndi ntchito yaulemu, yopatsa malo ana amene anakhoza bwino koma ku mayunivesite aboma malo anachepa, ndipo safunika kudzitcha dzina lina kuti tiwalemekeze. Koma mphunzitsi waganyu, wolipidwa pa ola, sakhala pabwalo la maphunziro, ndipo sangakumbe chinthu chofuna zaka zitatu. Sukulu yofunadi dzina la kafukufuku iyenera kukhala ndi aphunzitsi okhazikika amene mawu awo ali ndi malo pabwalo.

Palinso mawu awiri amene timawaphatikiza pamene malamulo a dziko anawalekanitsa. Ndime 25 ija imanena za ufulu wa munthu aliyense wolandira maphunziro. Ndime 33 imanena za ufulu wina, umene uli pamodzi ndi wa chikumbumtima, wa chipembedzo ndi wa maganizo: ufulu wa mphunzitsi ndi wophunzira kufunsa, kufufuza ndi kuphunzitsa popanda womuopseza. Tikangoti "ufulu wa maphunziro" pa zonse ziwiri, kholo limamva za mwana wake kukhala m'kalasi basi. Mu February 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitanitsa Dr. Blessings Chinsinga wa ku Chancellor College kuti afotokoze chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja pofanizira ndi zimene zinkachitika ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi, motsogoleredwa ndi Dr. Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi. Khonsolo ya yunivesite inachotsa ntchito anayi mwa iwo, nkhani inapita kukhoti, ndipo panatha miyezi pafupifupi 8 asanabwezeretsedwe pa ntchito. Ndikukumbuka makolo ena kuno akufunsa mokwiya kuti anthu omenyera ufulu wa maphunziro akulepheretsa bwanji ana kuphunzira. Funso lawo linali lanzeru, mawu ndiwo anawasokoneza. Akanamva kuti "ufulu wophunzitsa ndi kufufuza mopanda mantha", akanatha kugwirizana nazo kapena kutsutsa akudziwa chimene chili pabwalo. Achikulire akanakumbukanso Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa koleji yomweyo, amene anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu kuzengedwa. Zonsezi zinachitika pa sukulu yaboma. Pa sukulu yoyima payokha woopsezayo savala yunifolomu, amangosiya kukonzanso kontirakiti, ndipo nkhaniyo siifika pa wailesi.

Liwu lomaliza ndi limene limadya ndalama za makolo ambiri: "yovomerezeka ndi boma". Bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limachita ntchito ziwiri zosiyana. Limalembetsa sukulu, kutanthauza kuti yaloledwa kutsegula ndi kulandira ophunzira. Limaunikanso sukuluyo ndi maphunziro ake limodzi ndi limodzi, kuona aphunzitsi, mabuku, zipangizo ndi kayendetsedwe, n'kutsimikiza amene afika pa muyezo. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa, phunziro limene mwana wanu akutenga lisanatsimikizidwe. Kholo lifunse mafunso awiri: kodi sukuluyi inalembetsedwa, ndipo kodi phunziro ili linaunikidwa n'kutsimikizidwa? Wolemba nkhani nayenso asiyanitse kulembetsa ndi kutsimikiza.

Ntchito yokhazikitsa mawu otere ili ndi eni ake. Bungwe la Chichewa Board linayamba mu 1972, ndipo mu 1996 malo ake anatengedwa ndi Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma sukulu iliyonse ingathe kuyamba yokha. Malamulo a mayeso, a kubwereza ndi a kuchita apilo amalembedwa m'Chingerezi chokhachokha, pamene amene akulipira fizi ndi anthu ngati mlamu wanga. Tsamba limodzi la Chichewa, lofotokoza kuti dandaulo la mtundu uwu limapita ku bwalo ili, la mtundu uwo ku ofesi iyo, lingapulumutse maulendo ambiri ndi mitima yambiri.

Ife ku tauni sitinapite tsiku limenelo. Tinamuimbira mnyamatayo kuti atiwerengere malamulo a mayeso a pasukulu pake, ndipo munali ndime yolola wophunzira kupempha kuti pepala lake lichongedwenso ndi mphunzitsi wina, akalemba kalata masiku oikika asanathe. Mlongo wanga anabweretsa tiyi ndi mbatata yootcha, ine ndinang'amba mapepala awiri pakati pa kope. Kalata yoyamba inali yopita kwa mkulu wa nthambi kudzera kwa mlembi wamkulu, yopempha kuchonganso, ndipo sitinatchulemo za kachewere ngakhale pang'ono. Tinailemba m'Chichewa kuti bambo ake amve liwu lililonse, mwanayo adzaitembenuze yekha n'kusainira.

"Nanga za ndalama zanga ndikauze ndani, alamu?" anafunsa mlamu wanga.

Ndinamuuza kuti imeneyo ndi nkhani ya bwalo linalo, ndipo khomo lake ndi ofesi ya zachuma. Kalata yachiwiri inali yake iyeyo, yopempha kuti ngati mwanayo abwerezadi chaka, fizi ilipiridwe pang'onopang'ono mpaka nyemba za dimba zitacha. M'menemo tinalembamo zonse, feteleza, chiwawu ndi mtengo wa pamsika. Anapinda makalata awiriwo payokhapayokha, ina anaika m'thumba lakumanja la jekete, ina lakumanzere, natsika kumsewu kukadikira kabaza.